Mmene mungalimbire ndi Linguistics m'chaka choyamba ku yunivesite

Ndinasankha Linguistics, phunziro la mmene zilankhulo zimagwirira ntchito, nditangofika ku Zomba, ndikuganiza kuti ndi Chichewa cha ku sekondale chomwe chija. Mayeso oyamba a phonetics, phunziro la katchulidwe ka mawu, anandionetsa kuti si choncho. Tsono inu amene mwayamba digiri ya Arts ndipo mwatenga phunziroli, nazi zomwe zinandithandiza.

Siyani kaye mtima wokonza zolankhula za anthu. Pano sitifunsa ngati munthu walankhula "Chichewa chabwino". Timafunsa kuti wanena chiyani, nanga pakamwa pake pakutsata lamulo lanji. Mnzanu wa ku Mulanje akatchula mawu mosiyana ndi wa ku Dedza, lembani zonse ziwiri m'kope.

Tchati cha IPA, zizindikiro zolembera katchulidwe ka mawu, musachiloweze ndi maso okha. Ikani kapepala patsogolo pa milomo, munene "pala", kenako "phala". Pa mawu achiwiriwo kapepala kagwedezeka chifukwa mpweya watuluka mwamphamvu, ndipo imeneyo ndiyo aspiration imene alekichala akunena. Yesaninso "kola" ndi "khola". Gwirani pakhosi ponena s ndi z, mumve pomwe pakunjenjemera. Chizindikiro cha ŋ chisakuopseni, ndi ng' wa mu "ng'ombe". Mphindi khumi tsiku lililonse zimaposa kuchezera usiku wonse mawa lake kuli mayeso.

Pomwe ambiri timagwa ndi pa tone, kukwera ndi kutsika kwa liwu. Timazichita kuyambira tili ana, koma polemba sitizionetsa, n'chifukwa chake khutu limachedwa kuzigwira. "Mtengo" wa m'nkhalango liwu limakwera pa "te", pamene "mtengo" wa pamsika silikwera. Ine ndinkajambula mawu a agogo pafoni, atandilola, n'kumamvetsera mobwereza. Kenako ndinkang'ung'udza mawuwo milomo ili chitsekere, kuti patsale nyimbo yake yokha. Mukatero mudzamva kuti ngakhale "ndinapita" ali ndi matchulidwe angapo, ndipo tanthauzo limasintha nawo. Khutu likazolowera, kafuneni ku layibulale buku la Laura Downing ndi Al Mtenje la mu 2017, The Phonology of Chichewa. Kulitsegula khutu lisanazolowere n'kungodzilemetsa.

Morphology, kapangidwe ka mawu, imafuna pensulo. Tengani "sindidzakuphikiraninso" muwadule: si-ndi-dza-ku-phik-ir-a-ni-nso. Pansi pa kachidutswa kalikonse lembani ntchito yake: kukana, wochita, nthawi yam'tsogolo, wochitiridwa, muzu, mpaka kumapeto. Dulani mawu asanu patsiku, ochokera pa wayilesi kapena mu minibasi.

Pa syntax, kamangidwe ka ziganizo, yerekezani ziganizo ziwiri izi: "Alendo anabwera kumudzi" ndi "Kumudzi kunabwera alendo". Mu chachiwiri mneni wagwirizana ndi malo, osati ndi alendo. Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva analemba za kamangidwe kameneka mu 1989, ndipo ophunzira syntax m'mayiko ambiri amawerenga zitsanzo za Chichewa chifukwa cha iwo. Zimandikhudza ndikakumbukira kuti galamala ya Mark Hanna Watkins ya mu 1937 inalembedwa ku Chicago pofunsa Kamuzu Banda, pamene Bandayo anali wophunzira kumeneko. Zomwe akatswiri amayendera ulendo wautali kuti azimve, inu mumazimva pa chakudya cha masana. Polemba asayimenti, The Syntax of Chichewa ya Sam Mchombo ya mu 2004 ikhale pafupi, koma zitsanzo zikhale zanu, ndipo muziyese kwa anthu awiri kapena atatu musanapereke.

Gulu lowerengera limodzi musalidzaze ndi olankhula Chichewa okhaokha. Pezani wolankhula Chiyao, wa Chitumbuka, wa Chilhomwe kapena Chisena. Sankhani chiganizo chimodzi, aliyense achinene m'chilankhulo chake, muchilembe mu IPA n'kuchidula limodzi. Yambani ndi magulu a mayina: funsani aliyense mmene amanenera "munthu" ndi "anthu", kenako "mudzi" ndi "midzi".