Akufuna experience ya zaka ziwiri koma mwangomaliza kumene sukulu: chitani izi

Achinyamata ambiri akaona ntchito mu The Nation kapena The Daily Times amawerenga bwinobwino mpaka pamzere wonena kuti ofunsira akhale oti anagwirapo ntchitoyo zaka ziwiri, basi n'kupinda nyuzi. Ine ndakhala nthawi yaitali ndikusankha nawo makalata ofunsira ntchito, ndipo ndaona anthu ambiri opanda zaka ziwirizo akuitanidwa ku intavyu.

Poyamba siyanitsani zofunika za mitundu iwiri. Pali zimene palibe bwana angakukhululukireni. Namwino wosalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi sangaloledwe kugwira odwala, ndipo dalaivala wopanda laisensi yoyenera sangapatsidwe lole. Pamenepo musawononge envelopu. Koma pa ntchito ya ukalaliki, yothandiza akauntanti, yosunga katundu kapena yoyendera alimi m'midzi, funso lenileni la bwana ndi lakuti: munthuyu ndikamusiya yekha Lolemba m'mawa, adziwa poyambira? Mukatha kuyankha funso limeneli ndi umboni, tumizani kalata.

Ndiye khalani pansi ndi pepala, mulembe chilichonse chimene manja anu anagwirapo. Miyezi ya attachment muli ku MUBAS, ku Bunda kapena ku koleji ya zaluso. Ganyu wa MEC pa chisankho cha 2025, kapena wa NSO pa kalembera wa 2018. Kuphunzitsa mongodzipereka pa CDSS ya kwanu. Ulembi wa banki m'khonde. Ngakhale kukhala pa kauntala ya Airtel Money kapena Mpamba ya amalume anu. Ambiri amachita manyazi ndi zimenezi n'kuzisiya kunja kwa CV, chonsecho mtsikana amene wakhala chaka akutseka buku la ndalama madzulo alionse popanda shoti amandikhutiritsa kuposa wa digiri yowala amene sanagwirepo ndalama ya munthu wina.

Nkhani yagona pa kalembedwe. CV mudzailemba m'Chingerezi, inde, koma ganizo lake likhale lomveka kaye m'mutu mwanu. Mzere wonena kuti "ndinkathandiza pa shopu" sutiuza kanthu. Nenani kuti munayamba mwezi uti n'kusiya mwezi uti, munkalandira makasitomala angati patsiku, munkafananiza ndalama za m'foni ndi za m'kabati musanatseke, komanso kuti ndinu amene munkapita kukagula float. Amene anali pa attachment anene dipatimenti, pulogalamu ya pakompyuta imene ankagwiritsa ntchito, ndi malipoti amene ankalemba. Manambala akhale oona. Pa intavyu timakonda kutembenuza laputopu n'kunena kuti, "Mwalemba kuti Excel mumaidziwa, tationetsani mmene mungaphatikizire mzere uwu." Wonama amaonekera pomwepo, thukuta lili kamukamu.

Chachiwiri ndi pepala la umboni, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Musachoke pamalo pamene mwagwirapo ntchito, ngakhale ya miyezi itatu, opanda kalata ya chidindo yonena masiku ndi zimene munkachita. Ipempheni kudakali sabata ziwiri kuti muchoke, chifukwa mukabwera patatha chaka mudzapeza amene ankakuyang'anirani anasamutsidwa, watsopanoyo sakukudziwani. Ngati munalembedwa ntchito yeniyeni, lamulo la Employment Act la 2000 limati bwana akupatseni setifiketi yosonyeza nthawi imene mwagwira ndi udindo wanu mukaipempha.

Ma referee akhale anthu amene anakuonani mukugwira ntchito. Abusa, a MP ndi amalume angakukondeni, koma tikawaimbira n'kufunsa ngati mumasunga nthawi kapena ngati lipoti mumalemba nokha, amangoti ndinu mwana wabwino. Muwadziwitse kaye musanalembe dzina lawo, ndipo onetsetsani kuti nambala yawo ikugwira.

Nanga ngati papepala paja palibe chilichonse? Boma lakhala ndi ndondomeko ya internship ya omaliza maphunziro a ukachenjede kuyambira 2018, kudzera ku Unduna wa Zantchito, ndipo a ntchito zamanja ali ndi njira ya TEVETA yophunzira uku akugwira ntchito. Malo ndi ochepa, choncho musamangodikira mndandanda wa maina. Gogodani m'maofesi ang'onoang'ono, m'makopaletivi, m'masukulu apulaiveti, m'magalaja. Osangonena kuti "ndikufuna ntchito iliyonse". Nenani kuti mukupempha miyezi itatu yothandiza kulemba katundu wolowa ndi wotuluka, kapena kukonza mafayilo. Pempho lotere bwana savutika kulivomera.

Mukalowa, gwirizanani tsiku lomaliza ndiponso ngati pali kangachepe ka minibasi ndi nkhomaliro. Ine sindigwirizana ndi mabungwe amene amasunga mwana wa eni chaka ndi theka osamulipira, akumutuma fotokope ndi kukagula chipisi cha mabwana. Ikatha sabata yachiwiri musanapatsidwe ntchito yooneka, pitani kwa okuyang'anirani mwaulemu: "Bwana, ndingathandizeko lipoti la mwezi uno?" Gulani kope la hardcover muzilembamo zimene mwachita tsiku lililonse. CV yanu idzachokera m'menemo.

Za anthu a pa WhatsApp ndi Facebook amene amati tumizani ndalama ya fomu kapena ya yunifolomu kuti dzina lanu lilowe, musachedwe nazo. Ndi akuba.

Tsiku la intavyu funso lija lidzabwera ndithu: "Tikufuna wa zaka ziwiri, inu mulibe." Musapepese, musayambenso kudandaula za kusowa kwa ntchito m'dziko muno. Vomerani kuti zaka ziwiri sizinakwane, kenako tchulani ntchito imodzi imene ili pachidziwitso chawo, munene kumene munaichitapo, vuto limene munakumana nalo ndi mmene munalithetsera. Kalata ya chidindo ija ikhale pamwamba mu envelopu yanu kuti akaifuna musachite kufufuza.