Nsikidzi pa tchuthi cha Khirisimasi: zipheni ndi kutentha, osati ndi poizoni

Kwathu amati nsikidzi zinachilira kwa alendo, ndipo mwezi wa Disembala ndi umene mwambiwu umapherezera. Nyumba yadzaza, mlamu wachokera ku Leeds, ana a achemwali afika kuchokera ku Pretoria, ndiye munthu umangoti ndiziona Januwale. Abale anga a ku Britain ndi ku Joni, musadikire. Nsikidzi yaikazi imaikira mazira pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mazirawo amaswa pakatha masiku 6 mpaka 10. Zimene mwaziona zitatu lero, pofika Febuluwale zidzakhala mudzi. Musaganizenso kuti mukatseka nyumba n'kupita kumudzi mwezi wathunthu mukazipeza zitafa ndi njala. Zimatha miyezi ingapo osayamwa magazi.

Choyamba tsimikizani kuti ndi zomwezo, chifukwa kuyabwa kokha si umboni. Tengani tochi, mufunyulule msoko wa matiresi, makamaka kumutu. Muona timadontho takuda ngati tolembedwa ndi bolopeni, tizikhungu tofundula, ndi timazira toyera tochepa ngati kanjere ka mchere. Suzumiraninso m'ming'alu ya thabwa la bedi, pa mabawuti, ndi m'misoko ya sofa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala. Chifukwa cha manyazi, ambiri timathamangira ogula pamsewu kapena obwera nawo kuchokera kwina, poopa kuti eni nyumba angadziwe. Mapilitsi otulutsa mpweya aja, amene amaika m'nkhokwe zazikulu za chimanga, a aluminium phosphide, asalowe m'nyumba yogona anthu zivute zitani. Mu Disembala 2021 mtsikana wamng'ono anamwalira ku Shadwell mu London, mpweya wa mapilitsi amenewa utafalikira m'nyumba yosanja kuchokera kwa woyandikana naye amene ankafuna kupha nsikidzi. Parafini ndi petulo nazo n'kuitana moto. Ngakhale mankhwala opopera a m'sitolo, nsikidzi zambiri masiku ano zinawazolowera; zimangobalalika n'kukabisala chipinda china.

Chimene sizingazolowere ndi kutentha. Agogo athu ankadziwa pamene ankathira mphasa madzi owira n'kuiyanika padzuwa. Nsikidzi pamodzi ndi mazira ake zimafa kutentha kukafika cha pa madigiri 50. Choncho vulani bedi lonse, zofunda, mashiti, nsalu za pilo, makatani ngati akukhudza bedi, muziike m'matumba apulasitiki n'kumanga muli m'chipinda momwemo, kuti zisamagwe m'njira. Khuthulirani m'makina ochapira, muchape pa madigiri 60, kenako muumitse m'makina oumitsira zovala kwa mphindi zosachepera 30 pa moto waukulu. Makina oumitsirawa ndiwo amagwira ntchito yaikulu, moti chovala choyera kale simufunikira kuchichapa, ingochiponyani momwemo. Ngati mulibe, ndalama ya ku laundrette, kumene amachapa ndi kuumitsa zovala pa makina olipira, musaiumire. Zikatuluka, ziikeni m'matumba atsopano, akale aja mukataye kunja.

Nsapato, mabuku, zidole za ana ndi zovala zosafuna moto, zimangeni m'thumba muziike mu freezer yozizira kufika pa -18 kwa masiku 4. Kuzizira kwa panja ku Britain sikukwanira, musataye nthawi kutulutsa matiresi pakhonde. Inu a ku Joni dzuwa la Disembala lingakuthandizeni pa tinthu ting'onoting'ono toikidwa m'thumba lakuda tsiku lonse, koma pa matiresi ayi: pamwamba pamatentha, nsikidzi n'kuthawira kunsi kozizira.

Matiresi ndi bedi zimafuna huva (makina okoka fumbi) ndi nthunzi. Yendetsani huva m'misoko monse ndi m'mphepete mwa khoma, zinyalalazo mumange m'thumba n'kukataya kunja nthawi yomweyo. Kenako dutsitsani makina a nthunzi pang'onopang'ono, ngati mukusita malaya a ukwati. Mukathamanga, kutentha sikulowa m'kati. Simbi ya nthunzi imathandizako pa misoko. Matiresi akauma, avekeni chikuto cha zipi chopangidwira nsikidzi ndipo musachivule kwa chaka. Kutaya matiresi nthawi zambiri n'kuwononga ndalama, pakuti zotsala m'thabwa zidzalowa atsopanowo.

Mukatero, sunthani bedi lisakhudze khoma, zofunda zisalendewere pansi, ndipo kunsi kwa mwendo uliwonse ikani timbale totchera nsikidzi. Pitirizani kugona pabedi pomwepo. Ndikudziwa kuti n'zowawa, koma mukasamukira pa sofa zidzakutsatani, n'kukhala kuti mwazitsegulira nyumba yonse.

Pali ufa wina wotchedwa diatomaceous earth umene umaumitsa thupi la nsikidzi mpaka kufa. Gulani wolembedwa kuti ndi wophera tizilombo, osati wa m'madamu osambira. Wazani pang'ono zedi m'ming'alu mokha, mutavala chotseka mphuno, osati pa matiresi kapena posewera ana. Umagwira mochedwa, masiku angapo. Mafuta onunkhira ndi soda zimene anthu amatumizirana pa WhatsApp, musadalire.

Apa ndiye pali ubwino wa tchuthi: muli ndi nthawi yobwereza. Huva, nthunzi ndi kuchapa zichitike sabata iliyonse kwa milungu itatu kapena inayi, kuti zoswa kumene zife zisanayambe kuikira.

Ngati mukukhala m'nyumba yogawana zipinda kapena yosanja, auzeni eni nyumba ndi anzanu msanga, ndipo uthengawo ukhale wolemba. Nsikidzi sizibwera chifukwa cha uve, mu 2023 zinasautsa mzinda wa Paris, ndipo zimadutsa m'ming'alu ya khoma kupita kwa mnzanu. Ku Britain makhonsolo ambiri ali ndi anthu a ntchito imeneyi, ngakhale nthawi zambiri amalipiritsa. Funsani ngati ali ndi njira yotenthetsa chipinda.

Inu okwera basi kudzera pa Beitbridge ndi Tete, katundu wopita kumudzi, makamaka mabulangete ndi zovala za kaunjika, adutse kaye m'makina oumitsira, musakawasiyire amayi mphatso yoluma. Pobwerera, sutikesi isafike pabedi. Itsegulireni m'bafa, zovala zilowe m'makina tsiku lomwelo, ndipo chikwamacho muchipititse huva m'misoko ndi m'matumba onse musanachikweze pa wadiropu.