Nthenga zowala pa muvi ndi maso a gwape: mmene mungasankhire mtundu musanapite kosaka ndi uta

Ku America ndi ku Canada, nyengo yosaka agwape ndi uta imayamba mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala m'madera ambiri, ndipo ikamayandikira pamakhala mkangano umodzi wosatha pakati pa alenje. Ena amati nthenga za olenji, za pinki kapena zachikasu kumbuyo kwa muvi zimaulula munthu nyama isanafike pafupi. Ena amangoseka. Ngati muli kumeneko pa sukulu kapena pa ntchito, ndipo anzanu akukokerani ku tchire, mudzapezeka muli m'sitolo mutagwira mivi iwiri, wina wa nthenga zakuda bii, wina wowala ngati moto, wogulitsa akudikira.

Langizo langa ndi lakuti mtundu wa nthenga musankhire maso anu. Gwape mungomubisira kugwedezeka kwa nthengazo basi. Nayi njira yake.

Choyamba, dziwani zimene gwape amaona

Gwape amene tikunena pano ndi wa mchira woyera uja, wotchedwa whitetail. M'diso la munthu muli mitundu itatu ya timaselo tozindikira mitundu ya zinthu. M'diso la gwape muli iwiri yokha. Izi zinayezedwa mu kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1994, momwe munali akatswiri a ku University of Georgia pamodzi ndi asayansi a za maso Gerald Jacobs ndi Jay Neitz. Anapeza kuti timaselo tina timagwira bwino kuwala kwa mananomita (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala) 450 mpaka 460, komwe ndi kwa buluu, ndipo tina timagwira kwa mananomita 537, pakati pa zobiriwira ndi zachikasu. Kaselo kachitatu, kamene kamatithandiza ife kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, gwape alibe. Mu 2014 Bradley Cohen ndi anzake a pa yunivesite yomweyo anaphunzitsa agwape amoyo kusankha nyali yoyaka kuti apeze chakudya, ndipo zotsatira zinagwirizana: buluu amamuona msanga, zofiira zimawavuta.

Ndiye chifukwa chake madera ambiri a ku America amalamula alenje a mfuti kuvala olenji wowala. Munthu mnzako amakuona uli kutali, pamene kwa gwape olenjiyo sasiyana kwenikweni ndi masamba ouma. Boma la Wisconsin linafika povomereza ngakhale pinki wowala mu 2016. Tsono taganizani: ngati munthu wovala chovala cha olenji chifuwa chonse amatha kupha gwape chaka ndi chaka, kanthenga kotalika masentimita asanu kangakhale vuto lalikulu bwanji?

Koma musamuyese wakhungu. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, moti amaona pafupifupi madigiri 300 osatembenuka. Mbandakucha ndi kachisisira, nthawi imene amayendayenda kwambiri, amapenya bwino kuposa ife, chifukwa kuseri kwa diso lake kuli kachikopa kobweza kuwala, komwe kamachititsa kuti maso ake aziwala galimoto ikamuunika usiku. Zing'onozing'ono saziona bwinobwino monga timachitira ife, koma chinthu chikangosuntha, wachigwira kale.

Chachiwiri, sankhani mtundu

Buluu musiyeni m'sitolo momwemo. Kwa gwape ndiye mtundu wowala koposa, ndipo kwa inu sathandiza konse muvi ukagwera m'tchire kukuda.

Olenji wowala ndiye amene ndingamuike patsogolo: inu mumamuona, gwape samulabadira. Vuto lake limabwera mu Okutobala masamba akafiira n'kuyoyoka, pamene muvi wa olenji umasowa pansi pa mitengo ya maple ndi oak. Pamenepo pinki amapambana, pakuti m'tchire mulibe chinthu cha mtundu umenewo. Amuna ena amachita naye manyazi pinki. Manyazi amatha tsiku lomwe mwataya muvi wodula pamodzi ndi mutu wake wa malezala. Zofiira wamba zimada msanga dzuwa likalowa, moti sizithandiza kwenikweni.

Chikasu chowala chopita kobiriwira chili pafupi ndi pamene diso la gwape limagwira bwino, choncho amachiona kuposa olenji. Komabe alenje ambiri amachigwiritsa ntchito n'kumabwera ndi nyama, chifukwa ndi mtundu womwe diso la munthu limautsata bwino kukayamba kuda.

Nthenga zoyera ndi zimene zimafuna kulingalira pang'ono. Gwapeyu akaona zoopsa amaimika mchira, kunsi kwake koyera mbee kumaonekera, n'kumaugwedeza uku akuthawa, ndipo anzake amadziwa kuti zinthu zavuta. Choyera chogwedezeka m'tchire ndi chizindikiro chimene anabadwa akuchidziwa. Kuonjezera apo, choyera chimawala kwa nyama iliyonse, kaya imaona mitundu iwiri kaya itatu. Palinso nkhani ya chitetezo: kumene nyengo ya uta imakumana ndi ya mfuti, simungafune kuti munthu wopupuluma aone kanthu koyera kakuyenda m'zitsamba n'kuganiza kuti ndi mchira. Ndipo ngati mukusaka nkhukundembo zam'tchire, zoyera, zofiira ndi zabuluu zonse n'zopewa, chifukwa ndiyo mitundu ya mutu wa tambala wake. Ubwino wa zoyera ndi umodzi, koma waukulu: magazi amawerengeka bwino pamenepo. Njira yapakati ndi kuika nthenga ziwiri za olenji kapena pinki, imodzi yoyera. Imodzi yosiyanayo imakuuzaninso mmene mungaikire muvi pa nsinga osayang'anitsitsa.

Chachitatu, yesani kunyumba musanakhulupirire aliyense

Tengani mivi ya mitundu yomwe mukuiganizira, muizike m'zitsamba pa mtunda wa mamita 20, madzulo dzuwa litangolowa. Yang'anani womwe diso lanu laugwira poyamba ndi womwe wasowa. Kenaka jambulani ndi foni, chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera. Gwape saona dziko motero ayi, koma chithunzicho chikuonetsani nthenga zimene zikuwala kuposa masamba owazungulira, ndipo kuwala kotero ndi kumene iye amakugwira.

Yesaninso padzuwa. Pendeketsani muvi uku ndi uku. Ngati nthenga za pulasitiki kapena pepala lomata pa thunthu la muvi likuchita nyezinyezi ngati galasi, limenelo ndi vuto loposa mtundu. Sankhani zosanyezimira.

Muli pomwepo, ganizirani za zovala. Sopo wambiri waufa amakhala ndi mankhwala owalitsa nsalu, omwe amabweza kuwala kopita ku buluu. Unikani chovala chanu ndi tochi ya UV (ya kuwala kwa ultraviolet, komwe kumayatsa mankhwala oterewa) m'chipinda chamdima. Chikayaka buluu, ndiye kuti mwakhala mukudera nkhawa kanthenga pamene thupi lonse likuwala. Chapani ndi sopo wopanda mankhwalawo.

Chachinayi, matani nthenga

Apa palibe zambiri. Nthenga zilipo zamitundu iwiri: zenizeni za nkhukundembo, ndi za pulasitiki monga za Blazer za kampani ya Bohning, zotalika mainchesi awiri. Uta wamakono wa mawilo umayenda bwino ndi za pulasitiki, zomwe siziopa mvula. Uta wachikale, womwe muvi umagona pa thupi la uta lenilenilo, umafuna nthenga zenizeni chifukwa zimagonja podutsa. Palani zakale, pukutani thunthu la muvi ndi sipiriti, lisiyeni liume, ikani muvi m'kachipangizo kogwirira nthenga, pakani guluu pang'ono, kanikizani. Mukamaliza dontheretsani kaguluu kumutu ndi kumchira kwa nthenga iliyonse. Zimateni mopendekeka pang'ono kuti muvi uzizungulira pouluka, pakuti mutu wa malezala umakonda kusocheretsa muvi. Kenaka muvi uliwonse muulase pa chandamale musanaudalire. Nthenga yomatuka kapena yong'ambika imalira mumlengalenga, ndipo kulirako gwape amakumva.

Chachisanu, samalani phodo

Ngati nthenga zowala zingakuululeni, pamene zingatero ndi apa. Phodo la masiku ano limamangiriridwa pa uta, lili ndi mivi inayi kapena isanu, nthenga zonse zitaunjikana pamodzi. Kanthenga kamodzi n'kakang'ono, koma khumi ndi zisanu pamodzi zimapanga chibanga chonga chikhatho. Mukanyamula uta, chibanga chonsecho chimakwera m'mwamba. Mukatembenuka, chimatembenuka nanu. Gwape sadabwa ndi pinki wake, amadabwa kuti chinthu chomwe chinali duu chasuntha.

Mukakwera pa nsanja ya mumtengo, chotsani phodo pa uta, mulipachike kuseri kwa thunthu, mbali imene nyama sizichokera, koma pomwe dzanja lingafike osadzuka. Ngati mumasaka mozemba pansi, gulani kachikwama kovundikira nthenga kapena sokani nokha ndi nsalu yofewa yotuwa. Sokosi yakale yodulidwa imagwira ntchito yomweyo. Imathandizanso kuti nthenga zenizeni zisamachite tswatswa zikakhula pa nthambi. Chenjezo limodzi: uta wokhala ndi phodo ndi wopanda phodo salemera mofanana, choncho poyeserera kulasa chitani momwe mudzachitire ku tchire.

Muvi umene uli pa nsinga musaudandaule. Mutu wake waloza kwa gwape, nthenga zili kumbuyo pafupi ndi thupi lanu.

Chachisanu ndi chimodzi, kokani uta pa nthawi yake

Dikirani mutu wa gwape ulowe kuseri kwa mtengo, kapena ayang'ane kwina, kapena aweramire pansi kudya. Kokani pang'onopang'ono, molunjika kumbuyo. Ngati simungathe kukoka popanda kuloza uta kumwamba ndi kugwedeza mapewa, uta wanu ndi wolimba kuposa mphamvu zanu, ufewetseni. Ndipo zonsezi n'zopanda pake ngati mphepo ikuchoka kwa inu kupita kwa nyama, pakuti mphuno ya gwape siinyengeka ndi mtundu uliwonse.

Alenje ena amati gwape anaona nthenga zowala zikubwera n'kuzinda. Koma masamu akusonyeza kuti phokoso lokha n'lokwanira kumuchenjeza. Phokoso limayenda mamita 343 pa sekondi. Muvi wosakira wochoka pa uta wamakono umayenda pafupifupi mamita 85. Pa mtunda wa mamita 18, kulira kwa nsinga kumafika m'khutu la gwape pa 0.05 ya sekondi, muvi n'kufika pa 0.2. Mpata umenewo ndi wokwanira kuti gwape wotchera kale makutu apinde miyendo pokonzekera liwiro la mtondo wadooka, ndipo muvi umadutsa pamwamba pa msana. Mankhwala ake ndi timphira tochepetsa phokoso pa nsinga, muvi wolemerako, ndi kusalasa nyama imene yaima chilili ikukuyang'anani.

Pomaliza, werengani muvi

Apa ndi pamene nthenga zowala zimabweza ndalama zanu. Muvi ukamauluka, diso limatsata kadontho kowala mpaka pamene kalowera, ndipo mumadziwa ngati mwalasa kuseri kwa phewa kapena cham'mbuyo. Ambiri amaonjezera kamphanda koyaka kumbuyo kwa muvi, monga ka Lumenok, komwe kamayaka nsinga ikakakankha. Bungwe la Pope and Young Club, losunga mbiri ya nyama zophedwa ndi uta, linayamba kuvomereza timphanda toyakati mu 2014, koma malamulo osakira amasiyana dera ndi dera, choncho werengani a komwe muli. Chimodzimodzi za chiphaso: ku New York, mwachitsanzo, muyenera kuchita maphunziro apadera a kusaka ndi uta. Kumudzi kunonso nkhani ya chilolezo si yamasewera, pakuti chisinthireni lamulo la nyama zakutchire ku Malawi mu 2017, milandu ina imafika zaka 30 m'ndende.

Mukatsika, pitani pomwe gwape anaima, mupeze muvi, muuyang'ane pa nthenga yoyera ija. Magazi ofiira owala okhala ndi timathovu ndi a m'mapapo: dikirani mphindi 30 mpaka ola, kenaka tsatani. Magazi akuda ofiirira opanda thovu nthawi zambiri ndi a chiwindi: mpatseni maola anayi kapena kupitirira. Muvi ukakhala ndi zobiriwira kapena zabulauni zonunkha, mwalasa m'mimba. Bwererani mwakachetechete njira yomwe munadzera, mudikire maola 8 mpaka 12. Mukamutsata msanga mudzamudzutsa pomwe wagona, ndipo adzathamanga kutali osasiya magazi. Mukapeza ubweya ndi mafuta okha, magazi ochepa, mwina mwangomupala pamsana kapena pachifuwa, komabe tsatani mpaka mutatsimikiza. Pa nthenga zakuda zonsezi zimaoneka chimodzimodzi, makamaka pa kuwala kwa tochi, ndiye ngati mivi yanu ili kale ndi nthenga zakuda ndipo simukufuna kuzichotsa, nyamulani kansalu koyera m'thumba kopukutira muvi.