Momwe mungakonzekerere msasa wa nyimbo zachikhalidwe wa kumapeto kwa sabata

Ku msasa wa nyimbo zachikhalidwe oyimba amagonera malo amodzi kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamulungu, kuphunzitsana nyimbo za kwawo, kenako n'kuziyimba pamaso pa anthu tsiku lomaliza. Kulibe mapepala a manotsi. Wina amayimba, enawo amatchera khutu n'kumabwereza mpaka nyimbo italowa. Kuphunzitsana ndi khutu kotereku ndi momwe imayendera misasa ya Ethno, imene inayambira ku Falun m'dziko la Sweden mu 1990, ndipo kuno kwathu a Music Crossroads Malawi akhala akuchititsa Ethno Malawi komanso chikondwerero cha Pakhonde kwa Chingalire m'boma la Lilongwe. Ngakhale msasa wanu utakhala waung'ono, wokonzedwa ndi gulu la kwanuko, amene amapindula ndi yemwe wafika ndi nyimbo yoti aphunzitse anzake komanso chida choti chipirire masiku atatu panja. Za zovala ndi zofunda n'zosavuta, n'chifukwa chake taziika chakumapeto.

1. Funsani okonza, kudakali masabata atatu

Musangodalira zomwe zalembedwa pa positala. Imbani foni mufunse izi: mukagona m'nyumba kapena m'matenti, ndipo tentiyo ndi yanu kapena yawo? Ndalama yolembetsera ikuphatikiza chakudya cha masiku onse, kapena nkhomaliro yokha? Madzi ndi a pampopi, pamjigo kapena pachitsime? Magetsi alipo? Ndi zida ziti zimene zidzakhalepo kale? Funso lomalizali lingakupulumutseni kunyamula ng'oma yaikulu kuchoka ku Mzimba pamene pamalopo pali zisanu. Ngati simunakwane zaka 18, funsani ngati pakufunika kalata ya makolo, ndi kuti amene aziyang'anira achinyamata usiku ndani.

2. Sankhani nyimbo yokaphunzitsa

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amasankha nyimbo imene iwo amamveka nayo bwino, yamavesi asanu ndi mawu okwera, ndiye pakatha ola gulu limakhala lisanagwire ngakhale mzere woyamba. Nyimbo yabwino ya ku msasa ndi ya mtsogoleri ndi ovomera, imene mbali yovomerayo ndi mzere umodzi kapena iwiri. Nyimbo za pamtondo, za m'nthano, zolerera mwana, za chimtali, chiwoda, mganda kapena malipenga zimagwirika msanga chifukwa zinapangidwa kuti aliyense wobwera alowemo. Konzani ziwiri, ina yofatsa ina yovinika, chifukwa mungakapeze kuti mnzanu wochokera dera lanu wabwera ndi yomweyo.

Mukasankha, pitani kwa munthu wamkulu amene amaidziwa, agogo kapena azakhali, akuyimbireni katatu konse. Afunseni kuti inkayimbidwa nthawi yanji, ankayimba ndani, ndipo mawu ovutawo akutanthauzanji. Nyimbo zambiri za pamtondo zili ndi mawu okuluwika, odzudzula mwamuna kapena apongozi, ndipo n'chamanyazi kuphunzitsa anthu makumi atatu nyimbo imene inu simukudziwa kuti ikunena chiyani. Afunseninso ngati n'kololedwa kuiyimba pagulu. Nyimbo za kutsimba ndi za kudambwe zili ndi eni ake ndi malo ake. Kuti Gule Wamkulu ndi Vimbuza anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 sizikutanthauza kuti nyimbo zake zonse ndi za pabwalo. Vimbuza makamaka ndi gule wa machiritso, ndipo pangakhale wina mu gulu amene nyimbozo zingamukhudze kwambiri.

Kenako iduleni nyimboyo m'zigawo, m'ndondomeko imene mudzaphunzitsire. Yambani ndi kuwomba m'manja kapena kuponda pansi, kuti thupi ligwire kayendedwe kake mawu asanabwere. Chachiwiri, nenani mawu a mbali yovomera mongolankhula, pang'onopang'ono, osayimba. Chachitatu, yimbani mzerewo gulu libwereze kasanu kapena kasanu ndi kamodzi musanawonjezere wina. Zida zilowe pomaliza, kuyambira ndi ng'oma yogwira nthawi, kenako besi, kenako zina zonse. Mukalola magitala kulowa poyamba, amaika makodi awo atatu aja ozolowereka ndipo nyimbo imasanduka ina. Yesani ndondomekoyi pa anthu awiri kapena atatu a kunyumba. Ngati sanagwire mbali yovomera m'mphindi 15, nyimboyo ndi yaitali, sankhani ina kapena chotsani mavesi.

Lembani mawu ake ndi zilembo zikuluzikulu papepala limodzi lalikulu loti mukapachike, pamodzi ndi tanthauzo m'mizere iwiri. Ngati kudzakhale alendo a mayiko ena, dulani mawuwo m'maphatikizo kuti athe kutchula ng', ny ndi psy.

3. Zoloweretsani khutu

Kwa masabata awiri, mphindi 20 patsiku, tengani nyimbo ya chilankhulo chimene simuchidziwa, kaya Chisena, Chingonde kapena Chiyao, mumvetsere kachigawo ka masekondi khumi, muimitse, muyimbe pakamwa, kenako mukafufuze pachida chanu. Pakamwa poyamba nthawi zonse. Chimene pakamwa sipanagwire, zala zimangochisaka mwamwayi. Phunziraninso kuwomba m'manja katatu pamene phazi likuponda kawiri, chifukwa magule athu ambiri amayenda motero ndipo amene anazolowera kuwerenga kanayi kokha amasochera ng'oma yachiwiri ikalowa.

4. Konzani chida chanu

Gitala kapena banjo: sinthani nsambo kudakali masiku anayi kapena asanu ngati ndi zachitsulo, sabata yathunthu ngati ndi za nayiloni. Nsambo zatsopano zimatamuka, ndiye mukazisintha Lachinayi usiku mudzakhalira kuchuna Loweruka lonse. Nyamulani seti ina yathunthu, kuwonjezera apo nsambo yoyamba ndi yachitatu zapadera, poti ndi zimene zimaduka kawirikawiri. Ikaninso kapo, mapiki atatu ndi kapulayazi kakang'ono. Gitala asakhale m'galimoto yotseka kapena m'tenti masana: kutentha kumafewetsa guluu ndipo kathabwa kogwira nsambo kamayamba kudzuka.

Ng'oma ya chikopa imachita ulesi ikamwa chinyontho, makamaka m'mamawa ndi usiku mame akagwa. Mankhwala ake ndi kuiwamba. Iikeni chapatali ndi moto, ngati phazi limodzi lalikulu, muziizunguza n'kumaigogoda ndi chala mpaka mawu atakwera pomwe mukufuna. Moto wa makala kapena wa udzu wochepa ndi wokwanira. Lawi likanyambita chikopa chimauma mbali imodzi, n'kung'ambika pa zikhomo mukangoyamba kuomba mwamphamvu. Yang'anani zikhomozo musananyamuke, zogwedera muzikhomerere, ndipo ngati ng'oma yanu ndi yomata phula pakati, nyamulani phula wina m'kapepala ka pulasitiki, chifukwa amagwa ng'oma ikatentha. Usiku musaisiye pansi. Chinyontho chimakwera kuchokera m'dothi ndipo chiswe sichichedwa kupeza mtengo wouma.

Bangwe imafuna waya wapadera wautali wokwanira kukulunga chida chonse, ndi timitengo tingapo tochunira, poti timagwa n'kusowa mu udzu. Wa kaligo asaiwale utomoni wopaka pauta, apo ayi chidacho chimangolira mwa mphepo. Mano a sansi kapena kalimba amachita dzimbiri ndi thukuta, ndiye apukuteni ndi kansalu kouma mukatha kuyimba, ndipo nyamulani kachitsulo kogogodera pochuna. Zikho za ulimba zikulungeni chimodzichimodzi m'zitenje, ndipo tengani kapepala kopyapyala ka pulasitiki kosinthira pa timabowo tonjenjemeretsa mawu. Chisekese chionetsetseni ngati sichikutaya njere m'mbali.

Pali nkhani ya kachunidwe imene imayambitsa mikangano yosafunika. Makina ochunira gitala amagawa mawu m'masitepe 12 ofanana, pamene zida zambiri za makolo sizitsata zimenezo. Ulimba wa ku Chigwa cha Shire, mwachitsanzo, umagawa mawu m'masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, ndiye makodi a gitala amawombana nawo. Chidacho sichinalakwike ayi, ndipo musamuuze mwini wake kuti achikonze. Chida chovuta kuchuna ndicho chimapereka mawu oyambira, enawo n'kutsatira ndi khutu. Wa gitala achepetse makodi athunthu, aziyimba nsambo imodzi kapena ziwiri mpaka atapeza pogwirizana.

Lembani dzina ndi nambala yanu pa chikwama cha chida, ndipo chidacho muchijambule chithunzi. Magitala akuda onse amafanana Lamulungu madzulo anthu akamathamangira galimoto.

5. Za m'chikwama

Onani mwezi. Kuyambira Meyi mpaka Julaye usiku ku Lilongwe, Dedza, Mchinji ndi Mzimba kumazizira mpaka kutsika pa madigiri 10, ndiye pamafunika mabulangete awiri, juzi, chipewa ndi masokosi, komanso choyala pansi monga mkeka ndi kamatiresi, chifukwa dothi ndi limene limakoka kutentha kwa thupi. Kunyanja nthawi yomweyo kumawomba mwera, ndipo zikhomo zazifupi za tenti zimazuka mu mchenga. Okutobala ndi Novembala vuto ndi dzuwa ndi ludzu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi tengani pulasitiki wamkulu woyala pansi pa tenti ndi matumba a pulasitiki okutira chida.

Nyengo ina iliyonse nyamulani neti ndi chingwe chomangira, mafuta othamangitsa udzudzu, tochi ndi mabatire apadera, sopo, kandowa, mbale, kapu ndi supuni, zitenje ziwiri, nsapato zotseka za usiku ndi patapata wa kubafa. Woyimba ndi kuvina tsiku lonse amafuna malita atatu a madzi akumwa patsiku. Ngati madzi ndi a pachitsime, thirani kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard m'malita 20, mudikire mphindi 30. Mapaketi awiri a Thanzi ORS, limodzi pa lita imodzi ya madzi abwino, mapanado ndi pulasitala ya zala zotupa ndi nsambo n'zokwanira. Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku tengani a masiku asanu, osati atatu, kuopa galimoto ingachedwe. Kamba wa panjira akhale wosawonongeka msanga: mtedza wokazinga, mbatata yootcha, chigumu, nthochi.

Mawu anu nawonso ndi chida. Fumbi, utsi wa moto ndi mphepo ya usiku zimawasasitsa, ndipo ambiri amafika Lamulungu, tsiku loyimba pagulu, ali opanda mawu chifukwa chokuwa Lachisanu usiku. Khalani mbali imene utsi sukupita, imwani madzi ofunda, ndipo pakhosi pakayamba kukanda siyani kuyimba muziwomba m'manja.

6. Ulendo ndi ndalama

Nyamukani m'mawa kuti mufike dzuwa lisanalowe. Minibasi imadikira kudzaza, ndipo kumanga tenti mumdima pamalo achilendo n'kovuta. Gitala mumufukate pamiyendo kapena mumulipirire mpando, asalowe kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga. Pa kabaza chida chikhale kumsana kwanu, osati chomangidwa ndi malamba a labala pa kaliyala. Tengani ndalama zapamanja zosinthasintha, chifukwa kumudzi netiweki imasowa ndipo ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba angakhale alibe ndalama zokupatsani. Ndalama yobwerera muiike payokha, osaikhudza. Achibale adziwe komwe muli ndi nambala ya mmodzi wa okonza.

7. Mukafika

Lonjerani eni malo ndi akuluakulu musanatulutse chida. Ngati amfumu alipo, okonza adzakuuzani mwambo wake, ndipo amayi akhale ndi chitenje pafupi. Sankhani malo okwera pang'ono, kutali ndi chulu ndi njira ya linthumbu, khomo la tenti litafulatira mphepo. Amene mukufuna tulo muzitalikire moto, poti ng'oma zimalira mpaka pakati pa usiku. M'mawa kutumulani nsapato musanavale, zinkhanira zimakonda kubisalamo.

Pa maphunziro, wina akamaphunzitsa nyimbo yake, manja anu achoke pa nsambo. Kudokodola chida chapansipansi pamene mnzanu akufotokoza kumasokoneza gulu lonse. Musagwire ng'oma kapena sansi ya munthu osapempha.

8. Kujambula mawu

Pofika Lolemba nyimbo zisanu ndi zitatu zimakhala zitasakanikirana m'mutu, choncho jambulani. Ola limodzi la mawu limadya pafupifupi 60 MB, ndiye siyani malo a 2 GB mu foni, ndipo pawabanki ya 10,000 mAh imadzaza foni pafupifupi kawiri. Zimitsani data kuti batire isathe posaka netiweki. Pemphani mphunzitsi ayimbe nyimboyo yekha kamodzi pang'onopang'ono, foni ili ngati mkono umodzi kuchokera pakamwa pake ndi kutali ndi ng'oma, zimene zimamiza mawu ena onse. Poyambira penipeni nenani dzina la nyimbo, la amene wakuphunzitsani, dera lake ndi tsiku. Akakulolani kujambula sindiye kuti wakulolani kuika pa Facebook kapena pa TikTok, pemphaninso padera. Ngati mukuganiza zodzaijambula ku situdiyo kuti muigulitse, kambiranani ndi mwini wake musanasiyane, ndipo funsani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, chifukwa lamulo la zokopera la 2016 limatetezanso nyimbo ndi magule a makolo.