Kudya za mumsewu mu Lusaka osawononga mtima komanso osagwetsa bizinesi ya amai ogulitsa

Masiku ano munthu akangochoka ku chipatala atauzidwa kuti kolesterolo yakwera, abale onse amayamba kumulangiza kuti siyani za mumsewu, vitumbuwa ndi poizoni, michopo ikupheni. Ine malangizo amenewo sindigwirizana nawo chifukwa sagwira ntchito. Munthu wonyamuka ku Chawama kapena ku Kanyama ma 05 hours kupita ku ntchito mu town nkubwerera kutada, mukuti adye kuti masana? Ndipo amai amene akazinga vitumbuwa pa stesheni, pani yomweyo ndiyo ikulipira lendi, kugula yunifolomu ya ana ndi unga wa panyumba. Tinaona mu Januwale 2018 nthawi ya kolera pamene ogulitsa anachotsedwa mmisewu ya mu town asilikali ali pompo, inde matenda anali oopsa ndipo panafunika kuyeretsa, koma mabanja ambiri anagona ndi njala masabata amenewo. Ndiye chofunika nkusintha magulidwe athu ndi makazingidwe awo, aliyense mbali yake.

Poyamba timvetsetse chinthucho. Kolesterolo ndi mafuta amene ali mmagazi a munthu aliyense, ndipo yambiri imapangidwa ndi chiwindi chanu chomwe, thupi limaifuna ndithu. Vuto ndi mtundu umene madokotala amautcha LDL, ukachuluka umamatirira mkati mwa mitsempha ya magazi pang'onopang'ono ngati momwe ngalande za mu komboni zimatsekekera ndi mapulasitiki chaka chonse osaoneka vuto, mvula yoyamba ikagwa madzi alowa mnyumba. Kutsekeka kumeneko ndiko kumabweretsa sitiroko ndi matenda a mtima. Pali ina ya HDL, imeneyo ndi yothandiza, imanyamula yotsala kubwezera ku chiwindi. Chimene chimakweza LDL kwambiri ndi mafuta aja amauma akazizira, a nyama ya ng'ombe, a nkhumba, khungu la nkhuku, masoseji, polony, majarini yolimba, komanso mafuta a palm amene pafupifupi theka lake ndi a mtundu womwewo.

Musanasinthe chilichonse kayezetseni. Kolesterolo siipweteka, siichititsa chizungulire, ndipo musanamizike kuti ndi ya anthu onenepa okha, alipo owonda ngati ndodo amene yawo ili mmwamba chifukwa ndi ya kumtundu. Mukapita ku kiliniki kapena ku chipatala funsani lipid profile, kuyeza mafuta a mmagazi, amatenga magazi pang'ono chabe, ndipo muyezetse BP ndi shuga tsiku lomwelo chifukwa zitatuzi zimayendera limodzi. Nambala ya kolesterolo yonse pamodzi madokotala amafuna ikhale pansi pa 5 mmol/L, LDL pansi pa 3 kwa anthu ambiri, koma ngati muli ndi shuga kapena munadwalapo mtima dokotala adzafuna itsike kuposa pamenepo. Akakupatsani mapiritsi otsitsa kolesterolo monga atorvastatin imwani, osasiya ati ndayamba kumwa madzi a adyo ndi mandimu.

Manje kwa ife ogula. Yang'anani mu pani musanatulutse ndalama, izi sizitenga nthawi. Saladi, ndiye kuti mafuta okazingira, ikakhala yabwino imaoneka yoyera, pansi pa pani mumaona. Ikakhala yakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ikuchita thovu mmbali losatha, ikutulutsa utsi moto usanakule, kapena mphepete mwa pani mwamata zinthu zonanda, dziwani kuti yatopa kalekale, yawotchedwa mobwerezabwereza ndipo zimene zapangika mmenemo sizabwino ku mitsempha. Mungogula china kapena mubwere tsiku limene ayamba ndi yatsopano.

Kenako sinthanitsani masiku. Vitumbuwa lero, mawa chimanga chootcha pa mbaula, mkuja kandolo yophika kapena tute ndi nshawa. Zimenezi zili paliponse, pa Soweto, pa City Market, pa Intercity, mu Mtendere, ndipo ndalama yanu ikupitabe kwa munthu wa mumsewu yemweyo. Nshawa zili ndi mafuta ambiri zoona koma ndi mtundu wabwino umene sukweza LDL, kungoti zowawa kapena zankhungu lavulani, zimenezo zimawononga chiwindi. Chikanda anthu amachiopa chifukwa chimaoneka ngati polony koma mulibe nyama mmenemo, ndi timizu ta chikanda, nsinjiro, soda ndi tsabola, ndiye kolesterolo mulibe, a BP okha asachulutse chifukwa cha mchere ndi soda. Dzira lophika limodzi patsiku kwa anthu ambiri silivuta, limaposa kutali soseji yokazinga.

Pa michopo ndipo pafunika kulankhula. Nyama ya mbuzi payokha ilibe mafuta ambiri poyerekeza ndi ya ng'ombe, vuto ndi loti mnyamata wootcha akamadula pa thabwa amasakaniza mnofu ndi tizidutswa toyera tija tonona, ndi matumbo, chifukwa ambiri ndi zimene amakonda. Inu muuzeni poyambirira, achimwene ndidulireni mnofu chabe, muike tomato ndi anyezi wambiri. Sakana, ndipo tamafutato tipeza wina wotifuna. Kamulu ka mchere ndi tsabola kaja amaika pambali musamatsire chidutswa chilichonse, mchere wa tsiku lonse suyenera kupitirira magalamu 5 malinga ndi WHO, ndiye kasupuni kamodzi kakang'ono basi. Ku matebeto chimodzimodzi, T-bone tsiku lililonse ayi, tengani nsomba yootcha, nyemba, delele, chibwabwa chotendera. Nyemba ndi delele zimathandiza kutsitsa LDL, ndipo mbale yake ndi yotchipa.

Za chakumwa mwachidule, chips ndi soseji nkuonjezera botolo la zotsekemera ndiye mwaphatikiza zonse. Imwani madzi. Ndipo tsikani basi patsogolo pang'ono muyendeko, mphindi 30 masiku 5 pa sabata zikwana, fodya musiye.

Tsopano kwa inu amai ndi abambo ogulitsa, apa ndikhalitsa chifukwa saladi ndiyo imadya phindu lanu, ndipo nkhani yabwino ndi yakuti zimene zimateteza mtima wa kasitomala ndi zomwezo zimene zimapulumutsa saladi yanu.

Kutentha kwa mafuta ndiye nkhani yaikulu. Amafunika akhale pakati pa 170 ndi 180 digiri, koma pa mbaula palibe choyezera, ndiye ponyani kachidutswa kakang'ono ka ufa wokanda. Kakamira pang'ono nkubwera pamwamba msanga kakuchita tithovu tating'ono mozungulira, yambani kukazinga. Kakakhala pansi phee, mafuta sanatenthe, ndipo mukaika vitumbuwa pamenepo vimamwa saladi, mukachifinya mmanja chala chimanyezimira ndipo pepala lonse limanyowa, imeneyo ndi ndalama yanu kasitomala wapita nayo mmimba. Kakada pompo ndi utsi, moto wachuluka, phulani pani kaye kapena chotsani malasha ena. Musadzaze pani mpaka pakamwa chifukwa cha mzere wa anthu, zikachuluka mafuta amazizira nthawi yomweyo nkuyambanso kulowa mu chakudya, bola kawiri pang'onopang'ono.

A chips, dulani zonenepako. Zowonda kwambiri zimamwa mafuta ochuluka kuposa zonenepa pa mbatatesi yomweyo. Mukatsuka ziumitseni ndi nsalu yoyera musanaponye mu pani, madzi ndi amene amaononga saladi msanga ndi kuichititsa thovu. Mchere musathirire pamwamba pa pani, thirani mutaphula kale, kapena musiyeni kasitomala athire yekha. Mukaphula zisiyeni pa sefa kapena pa waya zikhe kaye, zimene zakhazo zibwerere mu pani, osati kuchoka pamoto molunjika mu pulasitiki. Nyuzipepala yokulungira isiyeni, inki imasungunuka ndi mafuta otentha nkulowa mu chakudya, pepala loyera lopanda zolemba lilipo.

Masoseji ndi nkhuku zikhale ndi pani yakeyake. Mafuta a nyama amasungunukira mu saladi, ndiye munthu amene wagula chips zokha akuganiza kuti wapewa nyama, wadya mafuta a soseji osadziwa, komanso saladi yanu imada msanga. Ndikudziwa kuti mapani awiri ndi mbaula ziwiri ndi malasha owonjezera, ngati sizitheka otchani masoseji pa waya, amakoma bwino ndipo mafuta ake amadonthera pamoto.

Nthawi imene kulibe makasitomala, monga ma 10 hours anthu atalowa kale mu ntchito, phulani pani, musaisiye ikuwira yokha. Nyenyeswa zichotseni pafupipafupi ndi sefa chifukwa zikapserera ndizo zimadetsa ndi kuwawitsa mafuta. Madzulo akazizira asefeni pa nsalu yoyera, muike mu chigubu chotseka, musunge pamthunzi. Koma tsiku likafika loti ada, anunkha, achita thovu, atayeni ndithu, kuthiramo atsopano pamwamba sikuchotsa zoipa zija, kumangoononga atsopanowo. Musatayire mu ngalande, ikani mu botolo lotseka mupereke ku zinyalala. Ndipo chonde mafuta ogwiritsidwa kale amene ena amagulitsa motchipa kuchokera mmalo odyera akuluakulu musagule, ana anu omwe amadya zotsala za pa ntemba.

Pogula saladi werengani pa chigubu. Ya mpendadzuwa kapena ya soya ndiyo yabwinoko, zonsezi timalima konkuno ku Zambia. Mawu aja amalemba akulu akulu akuti cholesterol free asakukopeni, saladi iliyonse yochokera ku zomera ilibe kolesterolo, ngakhale ya palm, nkhani ndi mtundu wa mafutawo. Ija yopimitsa mu timabotolo pa msika yopanda dzina, muiyang'ane mmawa wa Juni kapena Julayi kukuzizira, ikachita mbuu nkuyamba kulimba pansi ndiye kuti muli palm wambiri, ya mpendadzuwa imakhalabe yoyera. Ngati mtengo ukuvuta gwirizanani anayi kapena asanu a pa mzere umodzi, monga mmene muchitira chilimba, mugule chigubu cha malita 20 mugawane, pa lita imatsika mtengo kusiyana ndi kugula tating'ono tsiku ndi tsiku.

Onjezaninso chinthu chimodzi chosakazinga pa tebulo lanu. Kandolo yophika, nshawa zophika, mazira, mango kapena masuku nthawi yake ikafika kumapeto kwa chaka. Kasitomala wanu wakale amene dokotala wamuletsa vitumbuwa sangakudutseni ngati pali china choti agule, ndipo oterewa akuchuluka. Yambani ndi zochepa muone ngati zitha musanaikemo mpamba wambiri. Ndowa ya madzi a klorini ndi sopo ikhale poonekera, chakudya chivundikiridwe, ndipo setifiketi ya food handler ya ku khonsolo ikhale ya nthawi yake, tonse tikukumbukira momwe Heroes Stadium inasandukira chipatala cha kolera mu 2024, ndipo zikatero oyamba kuthamangitsidwa mumakhala inu.

Ife ogula tikafuna kunena za saladi yakuda tisanene pagulu mokweza, zimenezo zimathawitsa makasitomala a munthu. Dikirani mzere uthe muwauze pambali, amai ine ndimagula kwa inu tsiku lililonse koma a dokotala andiletsa mafuta otopa, mumasintha tsiku liti kuti ndizibwera tsiku limenelo? Ndipo akasintha nkukweza mtengo pang'ono kapena chitumbuwa nkucheperako, lipirani osadandaula, chifukwa saladi yatsopanoyo aigula ndi ndalama ya mthumba mwawo.