Musalipire munthu kuti akuuzeni thandizo lomwe mukuyenera kulandira

Ngati ntchito yatha, mukudwala matenda okhalitsa, muli ndi ulumali kapena mukulera ana nokha, musathamangire kwa anthu amene amati "tikulembetsa ife" kenako n'kumafuna kangachepe. Uphungu wokhudza thandizo la boma umapezeka mwaulere. Yambirani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu m'dera lanu, kenako mabungwe othandiza pa zamalamulo mosalipiritsa, ndiponso bungwe la ogwira ntchito ngati ndinu membala. Ku Britain kuli bungwe lopereka uphungu mwaulere la Citizens Advice, lomwe linayamba mu 1939. Ku South Africa bungwe la Black Sash limathandiza anthu pa nkhani za ndalama za SASSA, yomwe ndi nthambi ya boma yopereka ndalama zothandizira anthu ovutika, ndipo kulembetsa ku SASSA kulibe malipiro.

Popita, tengani chiphaso, makalata a kuchipatala, umboni wa ndalama zomwe mumapeza ndi kalata iliyonse yomwe boma linakulemberani. Mukafika musangofunsa za thandizo limodzi lomwe munamva kwa anzanu. Funsani ngati pali linanso lomwe likukuyenerani.

Chimene chimandiwawa ndi kuona anthu akungokhala chete akakanidwa. Pemphani kuti akulembereni chifukwa chake papepala, ndipo mufunse tsiku lomaliza lochitira apilo, poti nthawi yake imakhala yochepa. Nthawi zina chimene chasowa ndi pepala limodzi lokha, ndipo mlangizi akhoza kukuthandizani kulipeza. Wina akakufunsani nambala yachinsinsi ya akaunti yanu ya kubanki kapena ya pafoni, mukaneni pomwepo. Mlangizi weniweni safunsa zimenezo.