Mmene mungatetezere giyabokosi ya galimoto yakale ya 4x4 kuno ku Tete

Galimoto zambiri zazitali zimene zimayenda m'misewu ya chigawo cha Tete, monga Toyota Prado, Hilux Surf, Mitsubishi Pajero ndi Nissan X-Trail, zinabwera kuchokera ku Japan zitagwirapo kale ntchito, ndipo zina mwa izo zapitirira zaka 20. Eni ake ambiri amakumbukira kusintha oyilo wa injini, amayang'ananso matayala ndi mabuleki, koma giyabokosi amayamba kuiganizira tsiku limene galimoto yakana kusuntha itaikidwa pa D. Tsiku limenelo likafika pamafunika ndalama zambiri, chifukwa amakaniko odziwa kumasula giyabokosi ya otomatiki ndi ochepa, ndipo zitsulo zake kawirikawiri zimachita kuitanitsidwa kutali, ku Beira, ku Maputo kapena kutsidya kwa malire ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Chomvetsa chisoni n'chakuti zambiri mwa giyabokosi zimenezi zikanapulumuka eni ake akanamayang'ana oyilo wake kamodzi pa mwezi, pakhomo pawo pomwepo.

Chimene chimapha giyabokosi ya otomatiki kwambiri ndi kutentha. Oyilo wa mmenemo, amene pa botolo amalembedwa kuti ATF, ali ndi ntchito zingapo nthawi imodzi: ndiye amatenga mphamvu ya injini n'kuipereka ku magiya kudzera mu torque converter (chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi), ndiye amakanikiza makilatchi ang'onoang'ono a mkati kuti giya ilowe, amafewetsa zitsulo, komanso amatulutsa kutentha. Amagwira bwino ntchito akakhala pa madigiri 70 mpaka 80, ndipo akamapitirira pamenepo kwa nthawi yaitali amapsa, amataya mphamvu, makilatchi amayamba kuterera, kutererako n'kuwonjezeranso kutentha komweko. Ndiye taganizirani galimoto imene yanyamuka mumzinda wa Tete masana a mwezi wa October, dzuwa litafika madigiri 40, yadutsa Moatize, yakhota pa Mussacama n'kuyamba kukwera kulowera ku Ulongué, kuchoka m'chigwa cha Zambezi kukafika pamtunda wopitirira mamita 1,000, anthu atadzaza ndi katundu pamwamba. Ulendo wotero kwa ife ndi wa masiku onse, koma kwa amene anapanga galimotoyo ndi ntchito yolemetsa, ndipo m'mabuku awo amafupikitsa nthawi yosinthira oyilo pa galimoto yogwira ntchito yoteroyo.

Kuyeza oyilo wa giyabokosi kumasiyana ndi kuyeza wa injini, ndipo apa ndi pamene ambiri amasocherera. Yambani mwayendetsa galimoto makilomita 10 kapena 15 kuti oyilo atenthe, kenako muiimike pamalo osapendekeka, mukoke handibuleki, injini ikulirabe. Mutaponda buleki, dutsitsani giya pa malo onse, kuyambira P mpaka L, mukuima pang'ono pa malo aliwonse, n'kubwereranso. Pa Toyota muyeze giya ili pa P, pa Pajero ili pa N, ndipo pa zonse ziwirizi injini isazimitsidwe. Koma Honda CR-V imayezedwa injini itangozimitsidwa kumene. Zulani dipisitiki (ndodo yoyezera oyilo), ipukuteni ndi kansalu koyera kosathothoka ulusi, ibwezeni mpaka kumapeto, muizulenso, ndipo oyilo ayenera kukhala pakati pa zizindikiro ziwiri za mbali yolembedwa HOT. Oyilo wochepa amachititsa pampu kukoka mpweya, koma wochuluka nayenso amavundulidwa ndi magiya n'kuchita thovu, choncho musawonjezere mongoganizira kuti wambiri ndiye wabwino. Musanazule dipisitiki pukutani fumbi la pakamwa pa paipi yake, chifukwa mchenga wochepa chabe ukalowa umatha kutseka tinjira ta oyilo ta mkati.

Mukatero donthezani dontho limodzi papepala loyera, muliyang'ane padzuwa ndi kulinunkhiza. Oyilo wabwino amakhala wofiira mooneka bwino, ndipo dontho lake limamwazika papepala mofanana. Akayamba kudera n'kukhala wofiirira, nthawi yomusintha yakwana. Akakhala wakuda, wonunkha kupserera, ndipo mukamupekesa pakati pa zala mukumva timchenga, ndiye kuti makilatchi ayamba kale kudyeka. Koma mtundu woopsa kuposa yonse ndi wotuwa ngati tiyi wamkaka. Galimoto zambiri za otomatiki zimaziziritsa oyilo wa giyabokosi pomudutsitsa m'kapaipi kamene kali mkati mwa rediyeta, ndipo kapaipi kameneka kakachita dzimbiri n'kubooka, madzi amasakanikirana ndi oyilo. Madzi amamatula makilatchi msanga, choncho mukaona mtundu umenewu musalizenso galimotoyo mpaka rediyeta itasinthidwa ndi oyilo yense atachotsedwa.

Pa nkhani ya mtundu wa oyilo ndikufuna nditsindike, chifukwa m'mashopu ambiri wogulitsa amakupatsani botolo lililonse lofiira limene lili pafupi. ATF ali m'mitundu yambiri yosalowana. Toyota zambiri za m'zaka za m'ma 1990 zimafuna Dexron II kapena Dexron III, zambiri zobwera pambuyo pake zimafuna Type T-IV, ndipo kuyambira cha m'ma 2004 kunabwera WS. Pajero zambiri zimafuna SP-III, Honda ili ndi wakewake, ndipo X-Trail ya petulo imene inatuluka mu 2007 ili ndi giyabokosi ya CVT, yoyendera lamba wachitsulo m'malo mwa magiya wamba, yofuna NS-2, moti kuthiramo ATF wamba n'kuiwononga ndi manja anu. Mtundu woyenera nthawi zambiri umalembedwa pa dipisitiki pomwepo kapena pa bawuti yotulutsira oyilo, ndipo ngakhale buku la galimoto yanu lili m'Chijapani, zilembo ndi manambala a oyilo mudzaziwerenga bwinobwino. Mukamagula nenani momveka kuti mukufuna wa caixa automática, chifukwa mukangoti wa caixa akhoza kukupatsani valvulina, amene ndi oyilo wolimba wa giyabokosi ya manyuwo ndi wa difu (bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala a mbali ziwiri). Oyilo wotungira m'zigubu zosamata, amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu, musamuyandikitse ku giyabokosi ngakhale atatchipa motani.

Kusintha oyiloyu pakhomo si ntchito yovuta, koma chitetezo chanu chikhale choyamba. Galimoto za mtundu uwu n'zazitali, ndipo zambiri munthu amatha kulowa pansi pake osaikweza. Ngati mukufunika kuikweza, musalowe pansi itangodalira jeke yekha. Ikani zochirikiza zachitsulo kapena zipika za mtengo wolimba, osati njerwa zimene zimaphwanyika mosachenjeza, ndipo matayala otsala pansi muwatchinge ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo. Dikirani oyilo azizireko kuti asakuwaulene manja, ikani beseni pansi pa sampu (mbale ya pansi yosungira oyilo) ya giyabokosi, masulani bawuti, ndipo mumusiye adonthe mpaka atasiya. Onetsetsani kuti mwamasula sampu ya giyabokosi, imene pa galimoto zambiri ili kumbuyo kwa injini, chifukwa imayandikana ndi sampu ya injini. Oyilo amene watuluka mumuyeze m'mabotolo a malita odziwika, ndipo watsopano muthire wofanana ndendende ndi amene watuluka, kudzera pa paipi ya dipisitiki ndi fanulo yoyera. Bawuti ibwerere ndi washala watsopano, yomangidwa molimba koma mosapyola muyeso, popeza mazinga a sampu sachedwa kuwonongeka. Mukatha yendetsani galimoto, muyezenso oyilo atatentha, n'kuyang'ana pansi ngati pali podontha.

Mudzadabwa kuona kuti mwatuluka malita 2 mpaka 4 okha, pamene giyabokosi yonse imasunga malita 8 kapena kuposerapo. Otsalawo amakhala mu torque converter ndi m'mapaipi. N'chifukwa chake pa galimoto imene simukudziwa mbiri yake ndi bwino kubwereza ntchitoyi katatu, mukuyendetsa makilomita 500 kapena 1,000 pakati pake, kuti oyilo wakale asungunuke pang'onopang'ono. Ine njira imeneyi ndimaikhulupirira kuposa kutsuka ndi makina kapena ndi mankhwala, chifukwa m'giyabokosi yakale kutsuka mwamphamvu kumavundula zinyalala zimene zinakhazikika, n'kuzikankhira m'tinjira topapatiza. Oyilo akayera, muzimusintha pa makilomita 40,000 aliwonse, kapena mofulumirirapo ngati mumakoka ngolo. Kamodzi mwa maulendo amenewa gwetsani sampu yonse, musinthe kapena mutsuke fyuluta, muike gasiketi watsopano, ndipo muyang'ane timaginito tili pansi pa sampu. Tikakhala ndi matope otuwa osalala, palibe chodetsa nkhawa, koma tizidutswa tachitsulo tonyezimira, tobaya chala, ndi chizindikiro choti mkati muli chimene chikusweka. Prado za magiya asanu zofuna WS zilibe dipisitiki, ndipo mulingo wake umayezedwa pa bawuti yapadera oyilo ali pa kutentha kwake koikika, choncho ntchito imeneyo muisiyire makaniko amene ali ndi chida choyezera.

Popeza giyabokosi imaziziritsidwa ndi rediyeta, injini ikamatentha nayonso imavutika limodzi. Tsukani rediyeta kunja ndi madzi osathamanga kwambiri kuti fumbi, njere za udzu ndi tizilombo zichoke pa timapepala take, ndipo mkati muzithira coolant (madzi a mankhwala oziziritsira injini), osati madzi a pachitsime okha, amene amabweretsa dzimbiri. Musalole kuti wina achotse thermostat (kavavu kolamulira kayendedwe ka madzi a injini) ponena kuti kuno n'kotentha, chifukwa kutero n'kubisa vuto lenileni, limene kawirikawiri limakhala rediyeta yotsekeka kapena fani yotha mphamvu. Injini ya dizilo ya 1KZ-TE, imene ili mu Prado ndi Surf zambiri, imadziwika ndi kung'ambika mutu ikatenthedwa, ndiye pa galimoto zimenezi singano ya kutentha muziiyang'ana pafupipafupi. Kwa amene amanyamula katundu nthawi zonse, kuika karediyeta kapadera ka oyilo wa giyabokosi kutsogolo ndi ndalama yogwiritsidwa ntchito mwanzeru.

Kayendetsedwe nako kali ndi gawo lalikulu. Pokwera chitunda mutalemedwa ndi matumba a mbatata kapena chimanga kuchokera ku Tsangano kapena ku Dómuè, musaisiye galimoto izingosinthasintha magiya yokha, ikukwera n'kutsikanso. Zimitsani O/D (batani la giya yapamwamba kwambiri), kapena ikani pa 2, kuti ikhazikike pa giya imodzi. Nyali ya A/T OIL TEMP ikayaka, imani pambali, ikani pa P, ndipo injini muisiye ikulira mpaka nyaliyo itazima, chifukwa mukazimitsa, oyilo amasiya kuzungulira ndipo sazizira msanga. Mukatitimira m'matope kapena mumchenga, musamakankhe giya uku ndi uku pakati pa D ndi R mukuponda moto, popeza mphindi zochepa za mchitidwe umenewu zimatha kuwotcha oyilo yense. Tsikani, fukulani, yalani nthambi, lowetsani 4L (giya ya 4x4 yamphamvu, yoyenda pang'onopang'ono), n'kutuluka pang'onopang'ono. Musalowetse R kapena P galimoto isanaimiretu, ndipo poimika pamtsetse yambani mwakoka handibuleki, galimoto ikhazikike, kenako muike pa P, kuti kulemera konse kusatsamire pa kachitsulo kakang'ono kotsekera giya. Galimoto ya otomatiki ikafera panjira, kuikoka ndi chingwe mtunda wautali n'koopsa, chifukwa injini ikazima pampu ya oyilo nayo imaima ndipo zitsulo zimazungulira zouma. Ikwezeni pa lole, kapena masulani kaye propshaft (chitsulo chachitali chopereka mphamvu ku difu) musanakoke.

Pansi pa galimoto zambiri za 4x4 pali malo enanso atatu okhala ndi oyilo, omwe ndi transfer (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo), difu yakutsogolo ndi difu yakumbuyo, ndipo m'nyengo yamvula amenewa ndiwo amavulala. Difu yotentha ikamira m'madzi ozizira powoloka mtsinje m'njira zopita ku Furancungo kapena ku Chifunde, mpweya wa mkati umachepa n'kukoka madzi kudzera pa kapaipi kopumira kapena m'masilo otha. Mukawoloka madzi ofika pakati pa matayala, masulani bawuti yothirira pasanathe masiku, mulowetse chala, ndipo oyilo akakhala wotuwa mumusinthe. Posintha, nthawi zonse yambani mwamasula bawuti yothirira musanakhudze yotulutsira, chifukwa mukataya oyilo kenako n'kupeza kuti yothirira yakanirira, galimotoyo yagona pomwepo. Ma difu ambiri amafuna oyilo wa GL-5, ndipo amathiridwa mpaka atayamba kusefukira pa bowo lothirira. Ngati galimoto yanu ndi yolowetsa 4x4 pamanja, yopanda difu yapakati, musayende pa 4H (4x4 ya liwiro wamba) pamsewu wa tala wouma, chifukwa matayala akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana ndipo mphamvu yonseyo imathera mu transfer. Matayala anayi onse akhale a saizi imodzi ndi odyeka mofanana.

A giyabokosi ya manyuwo ntchito yawo ndi yopepukirako. Sinthani oyilo wake pa nthawi yomweyo ndi wa difu, pogwiritsa ntchito mtundu umene buku lanena, musagoneke phazi pa kilatchi poyenda, ndipo musaimitse galimoto pachitunda ndi kilatchi m'malo mwa buleki. Zina za galimoto yonse zisaiwalike: lamba wa timing pa 1KZ-TE amasinthidwa pa makilomita 100,000, fyuluta ya mpweya imatsekeka msanga m'fumbi la chilimwe, madzi a pansi pa fyuluta ya dizilo ayenera kumatayidwa, ndipo timabere ta girizi ta pa propshaft tizipopedwa nthawi iliyonse mukasintha oyilo wa injini. Sungani kope m'galimoto lolembamo tsiku, makilomita ndi mtundu wa oyilo. Oyilo wakale mumuike m'chigubu chotseka n'kukapereka ku galaja, asathiridwe pansi pafupi ndi chitsime kapena dimba.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka ntchito ya pakhomo yathera pomwepo. Ngati galimoto ikuchedwa kugwira mukaika pa D kapena R m'mawa, ngati injini ikukwera phokoso koma liwiro osawonjezeka, ngati giya ikulowa mogunda, kapena nyali ya O/D OFF ikuphethira yokha, yezani oyilo tsiku lomwelo, ndipo akakhala wokwanira ndi woyera, pitani kwa makaniko musanayende ulendo wautali. Mukafika, apempheni kuti ayambe awerenga makodi a kompyuta ya galimoto asanatsitse giyabokosi, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala solenoid (kavavu ka magetsi kotsegula tinjira ta oyilo), sensa ya liwiro, waya wodyeka kapena chingwe cha ku thirotolo chosachunidwa bwino, zinthu zimene zimakonzeka giyabokosi ili pamalo pake. Mutenge kope lanu lija ndi kabotolo ka oyilo amene mwatulutsa, kuti makanikoyo aone yekha mtundu wake ndi fungo lake asanakuuzeni mtengo.